Kodi Chiarabu chinachokera kuti, nanga chinalowa bwanji m'thumba mwanu?

Loweruka lina ndinakwera minibasi pa Lizulu, ndikupita pa boma pa Ntcheu. Kumbuyo kwanga kunakhala anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, onse a Fomu 3, miyendo ataipanikiza pa matumba a kachewere. Titadutsa mzikiti wina wa m'mbali mwa msewu, mmodzi analoza zilembo zopindikapindika zimene zinali pakhoma, ndipo mkangano unayambira pomwepo.

Woyamba anati Chiarabu ndiye chilankhulo chakale kuposa zonse padziko, zina zonsezi ndi ana ake. Wachiwiri anakana, akuti chinangoyamba nthawi ya Mtumiki Muhammad, kale kunalibe. Mtsikanayo anawaseka onse awiri, nkuti iye chimene akudziwa n'chakuti Chiswahili ndi Chiyao ndi Chiarabu chosokonekera basi. Ali mkati motsutsana, kondakitala anatembenuka nkuti, "Kumbuyoko, ndalama!" Ine ndinaseka ndekha, chifukwa mawu amene anatchula kondakitalayo ndi mbali ya yankho, koma palibe anazindikira.

Onse atatu anaphonya, ngakhale aliyense anagwirako kachidutswa ka zoona. Ndiye lero tiyeni tione zimene akatswiri apeza, komanso njira imene amapezera. Pajatu mu sayansi sitimangofunsa kuti "yankho n'chiyani?" Timafunsanso kuti "mwadziwa bwanji?"

Zilankhulo nazo zili ndi mabanja

Tiyambire pakhomo. Ife timati munthu, akachuluka anthu. Mnzathu wa ku Mangochi m'Chiyao amati mundu, ŵandu. Wa ku Rumphi amati munthu, ŵanthu. Mzulu wa ku Durban amati umuntu, abantu, pamene wa ku Dar es Salaam amati mtu, watu. Kodi onsewa anakopera kwa Achewa? Ayi. Zilankhulo zonsezi zinachokera kwa kholo limodzi limene linkalankhulidwa zaka masauzande angapo zapitazo cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Banja limeneli amalitchula kuti Bantu, dzina limene anapereka ndi katswiri wa ku Germany, Wilhelm Bleek, m'zaka za m'ma 1800.

Koma chenjerani, kufanana kwa mawu amodzi si umboni. Mawu awiri akhoza kufanana mwangozi, kapena anthu ena anabwereka kwa anzawo. Chimene akatswiri amafuna ndi kusintha kwa maliwu kobwerezabwereza, kokhala ngati kukutsata lamulo. Taonani: pamene Chichewa chili ndi nth, Chiyao chimaika nd. Munthu ndi mundu, chinthu ndi chindu. Zikamachitika chonchi m'mawu ambirimbiri, makamaka mawu a tsiku ndi tsiku monga ziwalo za thupi, manambala ang'onoang'ono, madzi ndi moto, ndiye kuti tapeza ubale weniweni. Zili ngati mu Biology: mileme ndi mbalame zonse zimauluka, koma mukayang'ana mafupa, ubweya ndi kuyamwitsa, mupeza kuti mleme ndi m'bale wa mbewa osati wa njiwa.

Banja la Chiarabu

Njira yomweyi ndi imene inaonetsa abale ake a Chiarabu. Mawu oti mtendere m'Chiarabu ndi salam, m'Chiheberi ndi shalom. Dzina ndi ism, uku shem. Dzino ndi sinn, uku shen. Lilime ndi lisan, uku lashon. Mwaona kuti s wa Chiarabu akukumana ndi sh wa Chiheberi nthawi zonse? Palinso lamulo lina. Chiarabu chilibe p, ndiye pamene Chiheberi chikuti patah, kutanthauza kutsegula, Chiarabu chimati fataha.

Banja limeneli dzina lake ndi Semitic, ndipo dzinali linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1781 ndi August Ludwig von Schlözer. M'banjali muli Chiarabu, Chiheberi, Chiaramu chimene Yesu ankalankhula, Chifoinike, Chiamhariki ndi Chitigirinya za ku Ethiopia ndi Eritrea, komanso Chiakadi cha ku Mesopotamia, komwe lero ndi Iraq. Chiakadicho chinayamba kulembedwa pa mapale a dongo cha m'ma 2500 BC, zaka zoposa 2,000 zolemba zoyamba za Chiarabu zisanaoneke. Choncho mnyamata woyamba uja anaphonya. Chiarabu si mayi wa zilankhulo zonse, ndipo sikuti chinabala Chiheberi kapena kubadwa kwa Chiheberi. Ziwirizi ndi pachibale, ngati Chichewa ndi Chitumbuka.

Chodabwitsa china n'chakuti banja la Semitic ndi nthambi chabe ya mtengo waukulu wotchedwa Afroasiatic. Nthambi zina zonse za mtengowu zili kuno ku Africa: chilankhulo cha Aigupto akale, zilankhulo za Berber za kumpoto, Chihausa cha ku Nigeria ndi Niger, Chisomali ndi Chioromo. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti muzu wa mtengo wonsewu unali kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Ndiye kuti Chiarabu chili ndi azisuweni ambiri pa kontinenti yathu ino, kungoti Chichewa sichili m'gululo.

Zilembo zitatu zimene zimabala mawu ambiri

Chizindikiro chachikulu cha banjali ndi mmene limapangira mawu. M'Chichewa timatenga tsinde, nkuphatikiza tizidutswa kutsogolo ndi kumbuyo. Kuchokera ku lemba timapeza mlembi, chilembo, malemba, kalembera, kulembetsa, kulemberana. Tsinde lija silisweka, limangovala zovala zosiyanasiyana.

Chiarabu chimachita mwina. Tsinde lake nthawi zambiri limakhala makonsonanti atatu okha, ndipo mavawelo amalowa pakatipakati, ngati mmene nsungwi zimalukidwira pa mizati ya nkhokwe. Tengani k, t, b, amene amanyamula ganizo la kulemba. Kataba ndiye kuti analemba. Kitab ndi buku, kutub ndi mabuku, katib ndi mlembi, maktab ndi ofesi kapena desiki, maktaba ndi laibulale. Chiheberi nacho chimati katav, analemba. Tengaminso s, j, d, kutanthauza kugwada mpaka mphumi kugunda pansi. Malo ochitira zimenezo ndi masjid. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Umboni wolembedwa pamiyala

Tsopano funso la mnyamata wachiwiri: kodi Chiarabu chinalipo Chisilamu chisanabwere? Apa tisiye kuyerekezera mawu, tipite kukafukula.

Dzina loti Mwarabu likupezeka koyamba pa mwala wa mfumu ya Asuri, Shalmaneser III, wofotokoza nkhondo ya ku Qarqar, ku Syria, mu 853 BC. Pamndandanda wa adani ake pali Gindibu Mwarabu, amene anabwera ndi ngamila 1,000. Mwalawu sunalembedwe m'Chiarabu, koma ukutiuza kuti anthu a dzinali analipo zaka pafupifupi 1,400 Mtumiki Muhammad asanabadwe cha m'ma 570 AD.

Kenako pali chipululu cha miyala yakuda kum'mwera kwa Syria, kumpoto chakum'mawa kwa Jordan ndi kumpoto kwa Saudi Arabia. Kumeneko abusa a ngamila ndi mbuzi anasiya zolemba masauzande makumimakumi, zogoba pamiyala, zambiri za pakati pa 100 BC ndi 400 AD. Akatswiri amazitcha Safaitic. Si zolemba za mafumu ayi. Ndi anthu wamba, wina akulemba dzina lake ndi la bambo ake ndi la agogo ake, nkunena kuti anadyetsa ziweto pamalopo, kapena akudikira mvula, kapena akulira m'bale wake amene anamwalira. Zili ngati zija mumagoba pa desiki kapena pakhoma la hostelo, kungoti izi zakhala zaka 2,000. Zilembo zake sizifanana n'komwe ndi za pamzikiti zija, koma akatswiri monga Ahmad Al-Jallad aonetsa kuti galamala ndi mawu ake ndi Chiarabu chakale.

Mu 1901 anthu awiri a ku France, René Dussaud ndi Frédéric Macler, anapeza mwala wa pamanda pa malo otchedwa Namara, kum'mwera kwa Syria. Ndi manda a mfumu Imru al-Qays, ndipo deti limene lili pamwalapo likugwirizana ndi chaka cha 328 AD. Chilankhulo chake chili pafupi kwambiri ndi Chiarabu cha m'mabuku. Mwalawu pano uli ku Louvre, mumzinda wa Paris. Palinso wina wa ku Zabad, ku Syria komweko, wa 512 AD, umene unali pakhomo la tchalitchi, wolembedwa m'Chigiriki, Chisiriya ndi Chiarabu. Inde, pa tchalitchi. Mpaka lero Akhristu olankhula Chiarabu ku Egypt, Lebanon ndi Palestine amapemphera m'chilankhulochi. Chilankhulo ndi chipembedzo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nkhani zamakolo za Aarabu zimati gwero lawo ndi ku Yemen, kum'mwera. Koma miyala ya ku Yemen, ya ufumu wa Saba, inalembedwa m'chilankhulo china cha m'banja lomweli, osati Chiarabu. Umboni wakale kwambiri wa Chiarabu chenicheni ukupezeka kumpoto, m'dera la Jordan, Syria ndi kumpoto chakumadzulo kwa Saudi Arabia. Apa mutengepo phunziro: nthano ya makolo ndi yofunika, koma imayenera kuyesedwa ndi umboni wogwirika.

Zilembo zathu ndi zawo ndi pachisuweni

Nanga zilembo zopindikapindika zija? Zinachokera kwa Anabateya, amalonda amene anasema mzinda wa Petra m'matanthwe a ku Jordan. Ufumu wawo unalandidwa ndi Aroma mu 106 AD. Ambiri mwa iwo ayenera kuti ankalankhula Chiarabu kunyumba, koma polemba ankagwiritsa ntchito Chiaramu, chilankhulo cha boma ndi malonda nthawi imeneyo. Zachilendo? Ayi ndithu. Inu mumacheza m'Chichewa tsiku lonse, koma kalata yofunsira ntchito mumalemba m'Chingerezi. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kulemba Chiarabu chawo ndi zilembo za Chinabateya, ngati pa mwala wa Namara uja. Chifukwa cholemba mothamanga ndi inki, zilembozo zinayamba kulumikizana, mpaka zinafika pa maonekedwe amene timawadziwa lero.

Panali vuto limodzi. Zilembo za Chiaramu zinali 22, pamene Chiarabu chili ndi makonsonanti 28. Komanso zilembo zina zinafika pofanana kwambiri. N'chifukwa chake anawonjeza timadontho. Kanzere komweko kakakhala ndi dontho limodzi pansi ndi b, awiri pamwamba ndi t, limodzi pamwamba ndi n, awiri pansi ndi y. Ifenso tinachitapo zotere pamene tinavala ka chipewa pa w kuti tilembe ŵ.

Tsono tamverani izi. Zilembo za Chiaramu zinachokera kwa Afoinike, a kugombe la Lebanon. Afoinike omwewo ndi amene anapatsa Agiriki zilembo, Agiriki nkupatsira anthu a ku Italy, kenako zilembo za Chilatini nkufika kuno ndi amishonale. Chilembo choyamba cha Afoinike chinali alef, kutanthauza ng'ombe. Kwa Agiriki chinasanduka alpha, kwa ife A, kwa Aarabu alif. Tatembenuzani A wamkulu chadodolido, muona mutu wa ng'ombe ndi nyanga zake ziwiri. Chachiwiri chinali bet, nyumba: beta, B, ndi ba wa Chiarabu. Afoinike ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Aarabu anasunga zimenezo, Agiriki ndi amene anatembenuza. Ndiye mukamati Aarabu amalemba chobwerera m'mbuyo, dziwani kuti amene tinasintha njira ndi ifeyo.

Mmene Chemistry imathandizira kudziwa zaka

Miyala ina imakhala ndi deti, koma nanga chikopa chopanda deti? Apa ndi pamene Physics ndi Chemistry zimalowa m'kalasi ya History.

Mumlengalenga muli mtundu wa carbon wotchedwa carbon-14, umene sukhazikika. Zomera zimautenga popanga chakudya chake, mbuzi imadya zomerazo, ndipo thupi lake limakhala ndi mlingo wofanana ndi wa mumpweya. Mbuziyo ikafa, imasiya kulandira carbon watsopano, ndipo carbon-14 amene anali m'thupi amayamba kuchepa, kusanduka nitrogen. Pakatha zaka pafupifupi 5,730 amatsala theka, pakathanso zaka zomwezo amatsala theka la theka lija. Mukayeza amene watsala, mukhoza kuwerengera nthawi imene nyamayo inafa.

Mu 2015 University of Birmingham, ku England, inalengeza zotsatira za kuyeza masamba awiri a Qur'an olembedwa pachikopa. Makina a ku Oxford anaonetsa kuti nyama ya chikopacho inafa pakati pa 568 ndi 645 AD. Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, sayansi sinapereke chaka chimodzi, inapereka mpata, chifukwa muyeso uliwonse uli ndi malire ake. Chachiwiri, chimene chinayezedwa ndi chikopa, osati inki. Deti limenelo ndi la imfa ya nyama, ndipo wolembayo analemba pambuyo pake. Wophunzira wochenjera amafunsa nthawi zonse kuti, kodi kwenikweni chayezedwa n'chiyani?

Pali chikalata china chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Ndi kalisiti chabe, kolembedwa pa gumbwa ku Egypt mu 643 AD, m'Chigiriki ndi Chiarabu, kovomereza kuti asilikali alandira nkhosa 65. Pano kakusungidwa ku Vienna. Timadontho tija tayamba kale kuoneka pa zilembo zina. Ndiye musamapeputse malisiti, anzanga.

Kufalikira kwake

Apa mnyamata wachiwiri uja ali ndi mbali yake yoona. Chisilamu sichinayambitse Chiarabu, koma ndi chimene chinachitulutsa m'chipululu. Mtumiki Muhammad atamwalira mu 632 AD, pasanathe zaka 100 ulamuliro wa Aarabu unali utafika ku Spain kumadzulo ndi kumtsinje wa Indus kum'mawa. Cha m'ma 700 AD, mtsogoleri Abd al-Malik analamula kuti mabuku a boma ndi ndalama zachitsulo zizilembedwa m'Chiarabu. Munthu wofuna ntchito, malonda kapena maphunziro anayenera kuchiphunzira. Ku Egypt Chikoputiki chinazilala pang'onopang'ono, ku Syria ndi Iraq Chiaramu chinatsala m'midzi yochepa ndi m'matchalitchi.

Ife a ku Ntcheu zimenezi sitichita kuuzidwa. Angoni a Maseko anachoka kum'mwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800 akulankhula chilankhulo chapachibale ndi Chizulu ndi Chiswazi. Atakhazikika kuno, nkukwatirana ndi eni dera, ana anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo. Lero ngakhale pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, Chingoni chimamveka kwambiri m'nyimbo za ngoma, m'mayina a ziwongo ndi polonjera Inkosi ya Makhosi Gomani, koma macheza onse ndi m'Chichewa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno ogonjetsa ndi amene anasiya chilankhulo chawo, pamene ku Egypt ogonjetsedwa ndi amene anasiya. Chimene chimapulumutsa chilankhulo si mikondo yokha. Chiarabu chinali ndi buku lopatulika, sukulu, ofesi ndi msika.

Buku lalikulu loyamba la galamala ya Chiarabu analemba ndi Sibawayh, amene anamwalira cha m'ma 796 AD, ndipo iyeyu sanali Mwarabu, anali wa ku Persia. Lero Chiarabu chimalankhulidwa ndi anthu oposa 300 miliyoni, n'chilankhulo cha boma m'mayiko oposa 20, ndipo kuyambira pa 18 December 1973 ndi chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka ku United Nations. Koma cholankhula cha ku Morocco ndi cha ku Iraq n'zosiyana kwambiri, moti amamvana bwino akagwiritsa ntchito cha m'mabuku ndi pa wailesi.

Njira yofikira kwathu

Pa nyanja ya mchere ya Indian Ocean mphepo imasintha ndi nyengo. Kuyambira cha mu November mpaka March imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, nkukankhira ngalawa za matanga kuchokera ku Arabia kubwera kugombe la kum'mawa kwa Africa. Kuyambira cha mu April imatembenuka, nkuzibweza kwawo. Amalonda ankakhala miyezi ingapo akudikira mphepo, ndipo m'kudikiramo ankakwatira, kupemphera ndi kusinthana mawu ndi eni gombe. Mizinda ngati Kilwa, umene Ibn Battuta anauyendera mu 1331, inalemera ndi golide wochokera ku Zimbabwe wodzera pa doko la Sofala.

Kuno kumtunda, Ayao ankayenda maulendo ataliatali opita ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, amene timamudziwa kuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota. Mafumu a Chiyao monga Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo alembi awo ankalemba makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Makolo athu anthu amenewa ankawatcha Aluya. Tisabise mawu: malonda amenewo sanali a minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda zokha. Anthu ambiri a m'dera la nyanja yathu anagwidwa nkugulitsidwa ukapolo, ndipo ogula ndi ogulitsa anali a mitundu yosiyanasiyana. Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895. Mawu amene tinabwereka anayenda m'njira zomwezo zimene munadutsa anthu omangidwa magoli.

Mawuwo ndi ati? Masjid uja anasanduka msikiti m'Chiswahili, kwathu mzikiti. Shaykh anakhala shehe. Mu'allim, mphunzitsi, anakhala mwalimu. Sadaqa, chopereka chachifundo, ndi sadaka amene timadya pokumbukira omwalira, ndipo mawuwa amawatchula ndi anthu a zipembedzo zonse. Janaza anakhala jeneza. Taonani mmene pakamwa pathu pamawakonzera: timaika vawelo kumapeto, timamasula makonsonanti othithikana, nkuwalowetsa m'magulu athu a mayina, mzikiti umodzi, mizikiti iwiri.

Ndiye tafika pa mawu a kondakitala aja. Agiriki akale anali ndi ndalama yasiliva yotchedwa drachma. Dzinali linadutsa ku Persia nkufika kwa Aarabu ngati dirham, zikachuluka darahim. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti kumeneko ndi kumene kunachokera ndarama wa Chishona, amene amatanthauza golide, ndi ndalama wathuyu. Kusinthana kwa r ndi l si nkhani kwa ife, pajatu ena amalemba Lilongwe koma potchula r amamveka ndithu. Mpaka lero ndalama ya ku Morocco ndi ya ku Dubai dzina lake ndi dirham.

Kubwereka si kubadwa

Nanga mtsikana uja? Tiyese ganizo lake ndi manambala. M'Chiswahili amati moja, mbili, tatu, nne, tano. Ife timati modzi, wiri, tatu, nayi, sanu. Chiarabu chimati wahid, ithnan, thalatha, arba'a, khamsa. Mwaona nokha m'bale wa Chiswahili kuti ndi ndani. Koma mukafika pa 6, 7 ndi 9, Chiswahili chimati sita, saba, tisa, ndipo amenewa ndi obwereka ku Chiarabu. Pa 10 chimabwerera kwathu: kumi, khumi.

Chitsanzo china chokoma ndi kitab uja. Aswahili atamva ki koyambirira, anaona ngati ndi ki wa gulu la mayina lofanana ndi chi wathu wa chinthu. Ndiye buku limodzi kitabu, ambiri vitabu, monga chinthu ndi zinthu. Mawu ndi a Chiarabu, koma galamala imene yawameza ndi ya Bantu. Chiyao nacho chimodzimodzi: chili ndi mawu a chipembedzo obwereka, koma mafupa ake onse ndi a Bantu. Inu mukanena kuti sukulu, buku, foni ndi minibasi, Chichewa sichisanduka mwana wa Chingerezi. Munthu akabwereka jekete kwa neba sasintha mtundu.

Chiarabu mu labu yanu

Mawu ena a Chiarabu anatipeza podzera njira yaitali, ya ku Ulaya. Cha m'ma 820 AD ku Baghdad, al-Khwarizmi analemba buku la masamu limene m'mutu wake munali mawu oti al-jabr, kubwezeretsa kapena kulumikiza zothyoka. Ndiye algebra amene amakusowetsani tulo uja. Dzina la mkuluyu ndi limene linabala algorithm, mawu amene mumamva pa nkhani za TikTok ndi Facebook. Zero anachokera ku sifr, kutanthauza chopanda kanthu, ngakhale manambala enieniwo Aarabu anawaphunzira ku India. Shuga anadutsa mu sukkar, khofi mu qahwa. Nyenyezi zowala ngati Rigel ndi Aldebaran, zimene zimaoneka bwino madzulo cha mu January, mayina ake ndi a Chiarabu.

Koma amene ndimawakonda ine ndi alkali. Anachokera ku al-qaly, phulusa la zomera zootcha. Agogo anu akamatcheza chidulo, kuthira madzi pa phulusa la zitsononkho kuti aphikire therere, akupanga chinthu chomwecho chimene dzinali linkatanthauza. M'madzi amenewo muli potassium carbonate. Chizindikiro cha potassium pa Periodic Table ndi K, kuchokera ku kalium, mawu ochokera ku al-qaly yemweyo. Kapempheni chidulo pang'ono kwa agogo, mukaviikemo pepala lofiira la litmus pamaso pa aphunzitsi anu, muone ngati silisanduka la buluu.

Ntchito yanu

Anzanga atatu aja anatsika pa Mphate ndisanawauze chilichonse, ndipo ndikukhulupirira kuti mmodzi wa iwo awerenga pano. Yankho lawo mwachidule ndi ili: Chiarabu ndi mwana mmodzi m'banja la Semitic, chinakulira kumpoto kwa Arabia ndi m'chipululu cha Syria zaka mazanamazana Chisilamu chisanabwere, chinabwereka zilembo kwa Anabateya, chinafalikira ndi chipembedzo, boma ndi malonda, ndipo kwathu chinafika kudzera m'Chiswahili.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa abusa ena analemba pamiyala, ndipo mlembi wina sanataye lisiti la nkhosa. Chingoni cha agogo athu chilibe miyala yotere. Ndiye holide ikubwerayi tengani kope, mukakhale pansi ndi munthu wamkulu kwambiri m'mudzi mwanu. Mufunseni mawu 20 amene achinyamata sakuwatchulanso, a Chingoni, a Chiyao kapena a Chichewa chakale. Mulembe mawuwo, tanthauzo lake, mudzi ndi deti. Kenako yesani kupeza ngati ali ndi abale m'zilankhulo zina, ndipo pa mawu aliwonse mudzifunse kuti, kodi awa ndi obadwa nawo kapena obwereka? Mukatero mwayamba kale ntchito imene akatswiri aja amagwira.